Nkhotakota, Ilala ndi ulendo wosathamanga

Masiku ano pa Instagram ndi pa YouTube pali achinyamata ambiri a ku Ulaya amene akutamanda kuyenda mosathamanga. Amati m'malo mozungulira mayiko asanu m'sabata imodzi, munthu akhale m'tauni imodzi ya m'mphepete mwa nyanja kwa mwezi wathunthu, azidya kumsika ndi kucheza ndi asodzi. Chitsanzo chimene amachikonda ndi Goa, ku India, dera limene linali m'manja mwa Apwitikizi mpaka 1961. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 achinyamata otchedwa mahipi anayamba kukhamukira kumidzi ya asodzi monga Anjuna, ena atayenda miyezi pamtunda kudzera ku Turkey, Iran, Afghanistan ndi Pakistan.

Ganizo lokhalo ndilibe nalo vuto. Kungoti ndikamaliwerenga ngati wophunzira mbiri yakale, ndimaona kuti kuno kwathu ulendo wosathamanga uli ndi mbiri yaitali, ndipo ambiri amene anauyenda sanachite kusankha.

Tiyambire ku Nkhotakota. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, wamalonda wachiswahili wochokera kugombe la Indian Ocean, anakhazikika kumeneko n'kuyambitsa ufumu wa a Jumbe. Minyanga ya njovu ndi akapolo zinkachokera kumtunda, kuzigwa za Kasungu ndi kupitirira, n'kufika padoko wapansi. Pamenepo anthu ankadikira zombo zamatanga zowaolotsa kutsidya la kum'mawa, kenako n'kuyambanso kuyenda miyezi mpaka ku Kilwa. Umenewu ndiwo ulendo wosathamanga woyamba umene tauniyi ikuudziwa bwino: wapansi, goli lili m'khosi. David Livingstone anafikako mu 1861 ndi mu 1863, ndipo mtengo wa mkuyu umene amati anakumanirapo ndi Jumbe amauonetsabe kwa alendo. Malondawo sanathe chifukwa cha zokambirana za pansi pa mtengo. Anatha m'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston atakhazikitsa ulamuliro wa Britain ndi kuchotsa Jumbe womaliza pampando.

Koma ulendo wautali chotero umasiyanso zinthu m'njira. Mpunga wa ku Nkhotakota, Chisilamu cha m'midzi ya kumeneko ndi mawu achiswahili amene analowa m'kayankhulidwe ka anthu a kunyanja zinabwera ndi anthu amene anakhalitsa, kukwatira ndi kulima. Sindikunena izi pofuna kuyeretsa a Jumbe. Ndikungoti tauniyi inaumbidwa ndi anthu odikira mphepo.

Atsamunda atabwera, miyendo ya anthu akuda ndiyo inali galimoto. Bwanamkubwa kapena m'mishoni ankanyamulidwa pamachila, katundu wake ali pamitu ya amtengatenga. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna zikwizikwi a ku Nyasaland anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Kwathu ku Nambuma akuluakulu amakambabe za agogo awo amene anapita ku Halale ndi ku Joni wapansi, akugona m'midzi ya eni ndi kugwira ganyu kuti apeze ufa wa mawa. Iwowo anakumana ndi anthu ambiri kuposa mlendo aliyense wonyamula kamera, koma palibe anawatcha okaona malo.

Ndiyeno pali Ilala. Sitimayi inapangidwa ku Glasgow, ku Scotland, ndi kampani ya Yarrow mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Inadzatseka mpata umene inasiya Vipya, yomwe inamira mu 1946 kumpoto kwa nyanja ndi kupha anthu oposa 140. Dzina inalitenga kwa Ilala yoyamba, kasitima ka nthunzi kamene amishoni a Livingstonia anafika nako ku Cape Maclear mu 1875. Kuchoka ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba ndi kubwerera kumatenga pafupifupi sabata. Pamadoko opanda mlatho, monga Nkhotakota, sitima imaima patali ndipo maboti ang'onoang'ono ndiwo amatuta anthu, matumba a chimanga, malata ndi nkhuku.

Pa Ilala m'pamene nkhani yonse imaonekera poyera. Pamwamba, pomwe pali mphepo ndi bala, pamakhala alendo amene analipira kuti asangalale ndi kuchedwa kwa ulendowo. Pansi, pakati pa matumba a usipa, pamakhala mayi wa ku Chizumulu amene kuchedwa komweko kukumuwonongera malonda. Sitima ndi imodzi, liwiro n'lomwelo. Mabuku a alendo amailemba kuti ndi ulendo wosaiwalika, pamene kwa anthu a ku Likoma, Usisya ndi Ruarwe yakhala basi yawo kwa zaka zoposa 70.

Chinthu china chimene chimandiseketsa n'chakuti nthawi imene Goa inkalandira mahipi, Malawi ankawabweza. Boma la Dr Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo la kavalidwe mu 1973 loletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo m'zaka zomwezo mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa pachipata cholowera m'dziko. Malamulowo anachotsedwa pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Lero ku Chembe ndi ku Nkhata Bay malo ogona alendo ali ndandanda, ndipo amene akuwadzaza ndi zidzukulu za anthu amene tinkawameta aja.

Patchuthi chapitachi ndinakhala masiku anayi ku Nkhotakota kwa mnzanga wa m'kalasi. Ife a ku Nambuma nyanja timaidziwira pamulu wa usipa wouma tsiku la msika, choncho zambiri zinali zachilendo. Mbandakucha kunkamveka kuitana kwa kumzikiti, asodzi akukoka makoka, amayi atakhala pamchenga ndi mabeseni kudikira. Bambo wina wosoka ukonde, atamva kumene ndachokera, anandifunsa mtengo wa fodya chaka chino, n'kuti: "Inu a kumtunda mumabwera kuno pokhapokha kukakhala maliro kapena msonkhano."

Ananena zoona, ndipo mbiri ikumuvomereza. Msonkhano wotchuka wa Malawi Congress Party wa mu 1960, umene unapatsa Dr Banda utsogoleri wa chipani wa moyo wake wonse, unachitikira ku Nkhotakota komweko. Timauloweza pokonzekera mayeso. Koma m'kalasi mwathu ambiri sanafikepo pamalowo, ngakhale kuti kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Salima ndi ulendo wa maola ochepa pa minibasi. Ndalama n'zovuta, inde, koma mnzanga uja ndi ine tinadya nsima ya kondowole ndi utaka masiku onsewo, ndipo zimene tinawononga sizinafike pa mtengo wa usiku umodzi kuloji.