Sapitwa, Nsonga ya Phiri la Mulanje

Mwana wobadwira ku Ndeke, kaya Ndeke wa ku Kitwe kaya wa ku Ndola, sadziwa phiri lenileni. Dziko la migodi ndi lathyathyathya, ndipo zitunda zimene amaona ndizo zulu za ciswe ndi mulu wakuda wa zotsala za mkuwa ku Nkana. Koma ambiri mwa makolo amene anadza kudzafuna nchito ku migodi anacokera ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi, ndipo ena a iwo anakulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Nsonga yace yaitali koposa ndiyo Sapitwa, ya mamita 3,002, ndiwo mafiti pafupifupi 9,850.

Mulanje ndi phiri la mapiri ambiri. Munthu akacoka ku cigwa ca minda ya tiyi amakwera maphompho kufikira atafika pa dziko lina la udzu ndi mitsinje, lokwera pafupifupi mamita 2,000, ndipo pa dziko limenelo ndi pamene pamera nsonga za miyala. Sapitwa ali pakati pa zimenezi, kutali ndi mudzi uli wonse. Dzina lace likunena lokha kuti kumeneko sikupitidwa. Akuluakulu a Cimang'anja, a Ciyao ndi a Cilomwe ankati kuli mizimu, ndi kuti mlendo angapezeko cakudya cokonzakonza, cimene ayenera kudya yekha osaitana mnzace. Ophunzira ena amaseka mau otere, koma aseka msanga. Anthu ao anali alenje odziwa phirilo bwino lomwe, ndipo anaonapo anzao atakwera kukuwala, osabwereranso. M'caka ca 2025 bungwe la UNESCO linalemba Mulanje m'gulu la malo a cuma ca dziko lonse, makamaka cifukwa ca miyambo yomweyi.

Cimene cimasoceretsa anthu ndi ciperoni. Kuyambira mwezi wa May kufikira August mphepo yonyowa imacokera ku nyanja ya India, nidzera ca ku phiri la Chiperone ku Mozambique, kumene dzinalo licokera. Ikagunda Mulanje imakwera, nizizira, nisanduka nkhungu ndi mvula yamawawa, imene nthawi zina imakhala masiku angapo osakanganuka. Pamenepo munthu saona ngakhale mnzace amene ali patsogolo pace, thanthwe limaterera ngati therere, ndipo timitsinje tolumphika m'mawa timakhala tosaoloka madzulo.

David Livingstone anaona phirili m'caka ca 1859 pa ulendo wace wa ku nyanja ya Chilwa, koma sanakwere. M'caka ca 1891 Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene anali pa nchito ya Harry Johnston, anakwera pamwamba natola nthambi za mkungudza, mtengo umene m'mabuku unachedwa Widdringtonia whytei pokumbukira iye. Matabwa ace onunkhira, osadyedwa ndi ciswe, anakopa Boma. M'caka ca 1927 phirilo linakhala nkhalango yotetezedwa, ndipo pang'onopang'ono anamanga timanyumba togonamo pa Chambe, Lichenya, Thuchila ndi malo ena. Bungwe la okwera phiri la Mulanje linayamba mu 1952. Mabuku amachula maina a Azungu amenewa, koma amene ankasenza mahema, ufa ndi matabwa pamutu, ndiponso kuloza njira, anali amuna a m'midzi ya m'tsinde, ndipo ambiri a iwo maina ao sanalembedwe pena pali ponse.

Ngozi imene inamveka kutali poyamba inacitika mu 1949. Laurens van der Post anatumidwa kucokera ku England kudzayendera phirilo, ndipo anatsagana ndi mnyamata woyang'anira nkhalango, Fred France, amene ankakhala pa Chambe ndi mkazi wace ndi mwana wakhanda. Ciperoni cinawapeza ali ku mbali ya mtsinje wa Ruo. Poyesa kuoloka madzi osefukira atamangidwa cingwe, France anakokoloka, cingwe cinaduka, ndipo anagwera ku phompho. Van der Post analemba nkhaniyi m'buku lace la 1952, Venture to the Interior, atasintha dzina la malemuyo. Iwo sanali pa Sapitwa, koma nkhungu ndi mvula zimene zinawagwera ndi zomwezo.

Tsono ulendo wa ku Sapitwa weniweniwo uli motere. Wocokera ku Likhubula amayenda tsiku lathunthu kuti akafike pa kanyumba ka Chisepo, m'munsi mwa nsongayo. Kanyumbaka kasanamangidwe ambiri ankayambira ku Thuchila, ndipo tsiku lao linali lalitali koposa. M'mawa mwace amalawira kusanace. Mamita otsala ndi ngati 800 okha, ndipo wowerenga pa mapu angaganize kuti ndi pafupi, komatu njira yopondeka palibe. Pali mibvi ya utoto wofiira yolembedwa pa miyala apa ndi apo, basi. Poyamba amakwawa pa matanthwe otsetsereka, manja ndi miyendo zonse pa nchito. Akapitirira apo amalowa m'cipwirikiti ca miyala ikuluikulu ngati nyumba, yosanjikizana, ndi zitsamba zothinana pakati pace. Pena ayenera kubvula katundu kumsana ndi kufwafwaza camimba pansi pa mwala. Pena alumphe mng'alu umene pansi pace sipaoneka. Kawiri kapena katatu amayesa kuti wafika, koma akatukula mutu aona nsonga yina patsogolo. Wamphamvu amatha maora atatu kapena anai kuti akhudze cipilala ca oyesa dziko cimene cili pamwamba. Kukakhala kowala amaona nyanja ya Chilwa, phiri la Zomba ndi mapiri a ku Mozambique.

Pamwambapo sipakhalitsidwa, pakuti kutsika ndiko kobvuta. Miyendo yatopa, mitambo imayamba kusonkhana dzuwa likapendeka, ndipo mubvi wofiira umene unaoneka bwino pokwera umabisika kuseri kwa mwala potsika. Wophonya mubvi umodzi amatsata cigwa cimene cioneka cosabvuta, ndipo zigwa zambiri za kumeneko zimathera pa phompho. Apa ndi pamene mtsogoleri wa ku mudzi amaposa mapu: iye amadziwa mwala uli wonse ndi maonekedwe ace, ndipo amazindikira mphepo ikatembenuka nkhungu isanafike.

M'mwezi wa September 2003 mtsikana wina wa ku Holland ananyamuka yekha kunka ku Sapitwa, ndipo ngakhale anamfunafuna masiku ambiri sanampeze. Patapita zaka zisanu ndi cimodzi kunadza Gabriel Buchmann wa ku Brazil, wa zaka 28, wophunzira za cuma, amene anali kutsiriza ulendo wautali wa m'maiko ambiri. Masiku ace obwerera kwao anali atayandikira, cotero anafuna kukwera ndi kutsika mwamsanga. Pa 17 July 2009 anasiya mtsogoleri wace m'munsi napitirira yekha, atabvala zopepuka. Nyengo inasintha. Anthu anasakasaka m'nkhungu ndi m'mphepo, ndipo mtembo wace unapezeka pa 5 August, patapita masiku 19; anafa ndi cisanu. Mnzace wa paubwana, Fellipe Barbosa, anapanga kanema wa ulendowo, Gabriel e a Montanha, amene anaturuka mu 2017. Sanafune ocita sewero m'malo mwa anthu a ku Africa amene Gabriel anakomana nao. Anawafunafuna eni ace, ndipo mtsogoleri uja wa ku Mulanje anakweranso njira yomweyo pamaso pa makina ojambulira, kufikira pa malo pamene anasiyana ndi mlendo wace.