Kodi munthu ndani? Mbiri ya funso lomwe silili pa silabasi

 Lero ndafuna ndikumbutse za funso limodzi lomwe MANEB siinafunsepo pa mayeso a Fomu 4, koma lomwe landisowetsa tulo kuposa ena onse pa zaka zomwe ndagwira choko.

Munali mu February 2002, mwezi womwe Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pa tsoka la njala. Amene munalipo mukukumbuka kuti anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndipo m'kalasi ya ana 60 mumapezeka ana 20 okha. M'mudzi wina kufupi ndi sukulu yathu adagwira bambo wina akuthyola chimanga chachiwisi m'munda mwa eni, ndipo adam'menya mpaka sadathe kuyenda yekha. M'mawa mwake, pa phunziro la Social Studies, mnyamata wina wa Fomu 3 adati, "Aphunzitsi, wakuba si munthu, n'chifukwa chake palibe mlandu." Mtsikana wina amene sankakonda kuyankhula adadzuka n'kunena kuti, "Ndiye kuti amalume anga adasiya liti kukhala munthu, dzulo kapena tsiku lomwe ufa unatha?" Kalasi yonse inangoti zii, ndipo ine ndemwe ndinalibe yankho. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufufuza kuti kodi funso limeneli ankaliphunzitsa ndani kuno kwathu, ndipo ankaliyankha bwanji.

Sukulu zisanabwere, phunziroli linali m'manja mwa anamkungwi ndi akuluakulu a kudambwe. Mtsikana akatha msinkhu ankalangizidwa kutsimba, mnyamata ankalowa gule, ndipo potuluka ankati tsopano wakula, wadziwa mwambo. Makolo athu ankaona umunthu ngati chinthu chomwe chimakula pang'onopang'ono. Khanda likamwalira lisanatengedwe, ankakaliika amayi okhaokha popanda maliro aakulu, pomwe nkhalamba ikatsikira kuli chete mudzi wonse unkasonkhana ndipo gule ankatuluka. Mwambi woti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu unali ngati mutu wa phunziro lonselo.

Kenaka kunabwera amishoni. A Dutch Reformed adafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndipo ansembe a White Fathers adakhazikika ku Mua mu 1902, n'kufalikira ku Likuni, ku Kachebere, pambuyo pake ku Nambuma. Katekisimu wawo adabwera ndi yankho lina, loti munthu ndi thupi ndi mzimu, wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo ulemu wake sudikira chinamwali. Mikangano ya pakati pa sukulu za mishoni ndi zinyau, yomwe inakula kwambiri m'zaka za m'ma 1920, anthu ambiri amaikumbuka ngati kulimbirana ana. Ine ndimaona kuti pansi pake panali kulimbirana mphamvu yonena kuti mwana wasanduka munthu wathunthu liti, komanso kudzera mwa yani.

Filosofi yeniyeni ya m'buku inayamba kuphunzitsidwa pafupi nafe pomwepa. Mukatsata msewu wa ku Mchinji, kudutsa Namitete mpaka kufupi ndi malire a Zambia, mufika ku Kachebere, komwe seminale yaikulu inatsegulidwa mu 1939. Anyamata okonzekera unsembe ankawerenga kumeneko maganizo a Aristotle ndi Thomas Aquinas, oti chomwe chimasiyanitsa munthu ndi nyama ndi nzeru yotha kulingalira ndi ufulu wosankha. Koma phunziroli linatsekeredwa m'mpanda wa seminale. Mwana wa sekondale wa ku Nsaru kapena ku Kabudula sankalimva, pokhapokha zidutswa zake pa ulaliki wa Lamulungu.

Amene adalibweretsa m'kalasi mwathu mwakachetechete anali alembi a Chichewa. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adalemba Nthondo, buku lomwe lidapata mphotho pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa ndipo lidatuluka mu 1933. Likutsata moyo wa munthu mmodzi kuchokera kubadwa, kudutsa m'zolakwa za unyamata wake, mpaka kukhala mfumu. Mu 1965 John Gwengwe adatulutsa Kukula ndi Mwambo, lomwe ambiri a ife tidaliwerenga pa sukulu. Tinkaloweza mabukuwa kuti tikhoze mayeso a Chichewa, osazindikira kuti tikuphunzira za chomwe chimapanga munthu.

Nthawi ya Kamuzu funsoli linali ndi yankho lokonzeratu. Munthu wabwino anali wosunga ngodya zinayi zija: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. A Payoniya ankabwera m'masekondale kudzatiphunzitsa zimenezi pamodzi ndi perete. Sindikunena kuti mawu anayiwo ndi oipa paokha, ayi. Vuto linali loti sitinkaloledwa kufunsa kuti kumvera yani, pa chiyani, mpaka pati. Amene wafunsa ankatchedwa chigawenga, ndipo amene watchedwa chigawenga ankatha kusowa popanda womulira poyera. Ngakhale ku Kamuzu Academy, yomwe inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981 kuti ana aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki, chinenero cha Socrates chinaloledwa, koma khalidwe lake lofunsa akuluakulu mafunso ovuta silikadaloledwa kunja kwa mpanda.

Pa 8 March 1992 kalata ya Lenti ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi onse, ndipo anthu a kuno adaimva ku Likuni, ku Namitete ndi ku Nambuma. Inakamba za malipiro ochepa, za zipatala, za sukulu zodzadza, za kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, ndipo zonsezo inazimangirira pa mfundo imodzi, yoti munthu aliyense ali ndi ulemu womwe boma silinam'patse ndipo silingam'lande. Zotsatira zake mukuzidziwa: riferendamu ya pa 14 June 1993, zisankho za 1994, ndi malamulo atsopano a dziko, omwe gawo lake la 19 limateteza ulemu wa munthu aliyense. Kwa ine limeneli ndiye phunziro lalikulu la filosofi lomwe dziko lino lidaphunzirapo, ndipo linachitikira m'tchalitchi ndi pa mzere wovota.

Ufulu utabwera, silabasi inayesa kutsatira. Tinalandira Social and Development Studies, ndipo chifukwa cha mliri wa Edzi tinalandiranso Life Skills. M'chaka cha 2000 boma linafuna kuchotsa Bible Knowledge n'kuikapo Religious and Moral Education, yophunzitsa Chikhristu, Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo pamodzi. Mipingo inakana kwamtuwagalu, ganizolo linaimitsidwa, ndipo pamapeto pake maphunziro onse awiri adasiyidwa kuti sukulu zizisankha. Pa mkangano wonsewo akuluakulu ankalimbirana kuti ana awerenge buku la yani. Sindinamvepo wina akufunsa ngati anawo adzapatsidwe mpata woganiza okha.

Nditayamba kufufuza ndinadabwa kupeza kuti funso la mtsikana uja ophunzira a mu Africa adalimbana nalo kale. Placide Tempels, wansembe wa ku Belgium amene ankagwira ntchito ku Congo, adalemba mu 1945 kuti anthu akuda ali ndi filosofi yawoyawo. Mu 1984 Ifeanyi Menkiti wa ku Nigeria adati umunthu umachita kupezedwa pokhala ndi ena, ndipo wina atha kulephera kuufikira. Kwame Gyekye wa ku Ghana adatsutsa, nati khanda lomwe ndi munthu kale, mudzi umangolilera. Kuno kwathu Didier Kaphagawani, amene ankaphunzitsa filosofi ku Chancellor College, adasanthula mawu oti munthu m'Chichewa ndi miyambi yathu, ndipo Augustine Musopole adatulutsa buku lake lonena za umunthu mu 1994.

Kuchokera m'zowerengazi ndidatola chinthu chimodzi chomwe chidandithandiza kubwerera m'kalasi. Mawu oti munthu timawagwiritsa ntchito pawiri. Tikati m'basimo muli anthu 30, tikuwerenga aliyense, wabwino ndi woipa yemwe. Tikati uje ndi munthu, tikuyamikira khalidwe lake, ndipo tikati uje si munthu tikudzudzula. Tanthauzo lachiwirili ndi chikwapu cholangira, cholinga chake n'choti wolakwayo abwerere m'gulu. Tsoka limabwera tikasokoneza awiriwa, tikatenga mawu odzudzula n'kuwasandutsa chilolezo. Mnyamata uja wa mu 2002 adachita zimenezi osadziwa, ndipo ine mphunzitsi wake sindinathe kumuonetsa pomwe waphonya.

Musaganize kuti zidathera pa njala ija. Kuyambira kumapeto kwa 2014 tinayamba kumva za kuphedwa kwa abale athu achialubino, anthu ena akuwatchula kuti ndalama. Mu January 2016 ku Neno anthu adapha nkhalamba zinayi pozinamizira ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Paliponse zinthu zimayamba mofanana, ndi dzina. Wina amayamba watchedwa mfiti, wakuba kapena chigawenga, ndipo mwala umabwera dzinalo litakhazikika.

Ndiye chaka chilichonse ndinayamba kupatula mapiriyodi awiri kapena atatu pa funsoli, ngakhale sikimu yanga siinena. Njira yake ndi yapafupi, ndipo aliyense wa inu aphunzitsi anzanga angaiyese, kaya mumaphunzitsa Chichewa, History kapena Life Skills. Ndimalemba pa bolodi miyambi iwiri, uja wa kali kokha ndi wina woti anthu ndi mchenga saundika, n'kufunsa kuti makolo omwewo adanena bwanji zinthu ziwiri zooneka zotsutsana. Kenaka ndimatchula khanda la tsiku limodzi, gogo amene waiwala maina a ana ake, wamisala wa pamsika, ndi mkaidi wa ku Maula, n'kufunsa kuti mwa awa ndani si munthu, ndipo wataya chiyani. Lamulo ndi limodzi: usananene maganizo ako, ubwereze kaye zomwe mnzako wanena mpaka iye avomere kuti wam'mvetsa. Ine ntchito yanga ndi kudziletsa kupereka yankho, ndipo kunena zoona, kwa mphunzitsi wozolowera kulembetsa manotsi zimenezi n'zovuta kuposa kuchonga mapepala 200.

Ena mwa inu mudzati nthawi ilibe, silabasi ndi yaitali, makolo akufuna mapointi. Ndikuvomera, inenso ndimafuna ana anga apite ku koleji. Koma ana ambiri amene timawaphunzitsa m'ma CDSS athuwa sadzafika ku Zomba kukamva filosofi. Adzakhala kumudzi kuno, adzakhala mafumu, a komiti ya chitetezo, anamkungwi, ndipo tsiku lina adzaima pa gulu lomwe lagwira munthu. Ngati sanayeserepo kufunsa funsoli m'kalasi, momwe mulibe miyala, sindikhulupirira kuti adzalifunsa tsiku limenelo.

Mtsikana uja ndinakumana naye patapita zaka zambiri pa msika wa Mpingu, ali ndi mwana kumsana. Ndinam'pepesa kuti tsiku lija ndinam'siya wopanda yankho. Adaseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, amalume aja adachira, ndipo ndi iwo adakumba nawo manda a mmodzi mwa anthu amene adawamenya." Sindinawonjezerepo kanthu, ndinangogula tomato wake n'kutsanzika.

Amene munali m'kalasi ija ya 2002, ngati mukuikumbuka mosiyana ndi mmene ndafotokozeramu, mudzandikonze tikadzakumana.