Mbiri ya kusamalira osweka mtima m'malokeshoni a Lilongwe

Likulu la dziko lisanasamuke ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, munthu wovutika mumtima pakati pa Achewa a m'chigawo chapakati ankadziwa koyambira, popeza mwini mbumba, yemwe kawirikawiri amakhala malume woyang'anira alongo ake ndi ana awo, ankamva madandaulo a pabanja, ankhoswe ankaweruza za ukwati, ndipo zikakanika nkhani inkapita kubwalo la nyakwawa. Chomwe chinkateteza anthu kwenikweni chinali kudziwana, chifukwa munthu wansangala akayamba kukhala duu, kukana chakudya ndi kuthawa anzake, abale ankazindikira msanga kuti khalidwe lake lasintha, n'kumukhazika pansi kuti alankhule zakukhosi.

Bungwe la Capital City Development Corporation litakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange mzinda watsopano, anthu anakhamukira ku Lilongwe kuchokera m'maboma onse. Ena anapeza mapuloti ku Kawale, Biwi, Area 23 ndi Area 25, komwe munthu ankaloledwa kudzimangira nyumba molingana ndi thumba lake, pomwe ena anadzazana ku Mgona, kufupi ndi mafakitale a Kanengo, ndi ku Chinsapo, m'malo osayezedwa. Malume anatsala kumudzi, ndipo woyandikana naye nyumba anakhala mlendo wachilankhulo china amene mwina asamuka mwezi ukatha.

Boma silinatseke mpatawu. Chipatala cha anthu odwala maganizo cha ku Zomba chinayamba mu 1910 ngati mbali ya ndende, ndipo lamulo la 1948 loyendetsera chisamaliro cha odwalawa, lomwe linagwira ntchito zaka zoposa 70, linkasamala zotsekera wodwala koposa zomumvetsera. Choipitsitsa chinali gawo 229 la malamulo a milandu, lomwe linkati woyesa kudzipha wapalamula mlandu. Angerezi amene analibweretsa analichotsa kwawo mu 1961, koma kuno linatsalabe m'mabuku dziko litalandira ufulu mu 1964, motero mabanja anazolowera kubisa m'malo mothamangira kuchipatala. Mipingo nayo inkamana womwalira motere mwambo wonse wa maliro, ngakhale kuti Akatolika anachotsa chiletsocho m'malamulo awo a 1983.

Anthu a m'malokeshoni anadzipangira okha abale atsopano. Miphakati, yomwe ndi timagulu ta akhristu oyandikana nyumba, inakhazikika mu dayosizi ya Lilongwe pa nthawi ya Episkopi Patrick Kalilombe m'zaka za m'ma 1970, amayi a Chigwirizano a CCAP ankayendera odwala ndi ofedwa, ndipo mafumu a m'tauni anatenga ntchito yoweruza timilandu ndi kusonkhetsa za maliro. Komabe magulu amenewa, kuphatikizapo banki mkhonde ya masiku ano, anagwira amayi kwambiri kuposa abambo, amene anakula akumva kuti mwamuna salira ndipo ngongole ya katapila, kutha kwa ntchito kapena kusokonekera kwa banja amazisenza okha mpaka kumowa. Apolisi atalengeza kuti anthu 182 anadzipha pakati pa Januwale ndi Ogasiti 2020, poyerekeza ndi 116 m'miyezi yomweyo ya 2019, ochuluka zedi anali amuna.

Uphungu wamakono umaphunzitsa munthu kukhazika mtima pansi, kutanthauza kupuma modekha, kuzindikira ganizo lowawa pamene likubwera ndi kulilola kuti lidutse osalichitira kanthu mopupuluma, zomwe zimathandiza makamaka anthu a mtima wapachala ndi osunga zinthu mumtima. Luso limeneli silibweza ngongole, ndipo silingalowe m'malo mwa munthu wofunsa mnzake mosapita m'mbali ngati akuganiza zochotsa moyo wake, funso lomwe akatswiri amatsimikiza kuti silimukankhira munthu kuimfa. Wokhala ku Kawale kapena ku Area 25 angayambire pachipatala chaching'ono cha m'dera lake, ndipo a chipatala cha St John of God, amene anayambira ntchito yawo ku Mzuzu, amalandira anthu ovutika mumtima ku Area 43.