Moŵa, Ukhondo ndi Amayi a ku Cato Manor

Aliyense amene anaonapo mayi akufulula moŵa wamasese adziŵa kuti ntchitoyi siyenderana ndi uve. Mbiya imatsukidwa ndi kuyanikidwa padzuŵa, chimera chimayanikidwa poti nkhuku sizifika, phala likapsa limavundikiridwa kuopa ntchentche, ndipo zotsala posefa zimatayidwa kutali, pakuti zikagona pakhomo ziitana mphemvu ndi makoswe. Sikuti mayiyo anaŵerenga buku la zaumoyo ayi. Iye angodziŵa kuti mbiya yauve isasitsa moŵa, ndipo moŵa wosasa palibe amene augula kaŵiri.

Amayi a Chizulu nawonso ankafulula chimodzimodzi moŵa wao wa mapira wotchedwa utshwala. Nanga zinatheka bwanji kuti boma la Azungu ku Durban liwatche amayi omweŵa adani a ukhondo?

Nkhaniyi iyambira m'chaka cha 1908, pamene boma la Natal linakhazikitsa lamulo lotchedwa Native Beer Act. Lamuloli linapatsa khonsolo ya mzinda mphamvu yoti iyo yokha ndiyo izifulula ndi kugulitsa moŵa wa mapira m'tauni. Nyumba zomweramo za khonsolo zinatsegulidwa mu 1909, ndipo phindu lake ndilo linkamangira magoŵero a anthu antchito ndi kulipirira maofesi olamulira anthu akuda. Kunena kwina, mwamuna ankadzigulira yekha unyolo ndi ndalama ya moŵa. Mizinda ina, mpaka ku Rhodesia, inatengera nzeru yomweyi. Mu 1929 anthu a ku Durban ananyanyala nyumbazi, koma khonsolo siinagonje.

Tsono taonani chimene lamuloli linachita m'nyumba za anthu. Moŵa wa mapira ufuna masiku angapo, ufuna malo, moto ndi madzi ambiri, komanso fungo lake silibisika. Mayi amene akuopa apolisi sangayanike mbiya pabwalo. Ellen Hellmann, amene anafufuza za moyo wa anthu a ku Rooiyard m'Johannesburg cha m'ma 1933, analemba za amayi okwirira zitini za moŵa m'maenje pabwalo. Ena anasiyiratu mapira nayamba zakumwa zoŵira msanga monga isishimeyane ndi skokiaan, zoti ufulule lero ugulitse maŵa apolisi asanafike. Chitini chokwiriridwa m'dothi, chofukulidwa usiku mothamanga, ndani angachitsuke bwino? Uve umene oyendera zaumoyo ankaloza ndi chala, gawo lalikulu unabadwa ndi lamulo lomwelo.

Zonsezi zinaphulika ku Cato Manor, malo amene eni ake ankawatcha Mkhumbane. Kumeneko anthu zikwizikwi anathithikana m'tinyumba ta malata ndi matope, mipope ya madzi ndi zimbudzi zili zochepa kwambiri. Mu 1959 matenda a taifodi atafala, khonsolo inatumiza antchito ake kuti akayeretse malowo. Taifodi imayenda m'madzi ndi m'zakudya zoipitsidwa ndi chimbudzi, choncho munthu akanayembekeza mipope yatsopano. Koma antchitowo anafikira kufukula madiramu a moŵa ndi kuwaboola. Kwa amayi ambiri, makamaka amasiye ndi osiyidwa, diramu limenelo ndilo linali lendi, ufa ndi fizi ya ana. Tisaiŵalenso kuti mu 1958 boma linali litalengeza kale kuti Cato Manor adzakhala malo a Azungu. Amayiwo sanali ana oti alephere kuona kumene tsache likuloŵera.

Pa 17 Juni 1959 amayi analoŵa m'nyumba yomweramo ya khonsolo ndi ndodo m'manja, napirikitsa amuna, nakhuthulira moŵa pansi. Mmodzi mwa atsogoleri ao anali Dorothy Nyembe wa chipani cha ANC. Funso lao linali losavuta: ngati moŵa wathu ngwauve, bwanji wa khonsolo, wa mapira omwewo, ukumwedwa ndi amuna athu mpaka malipiro onse kuthera komweko? Apolisi anayankha ndi zibonga, nyumba zina za khonsolo zinatenthedwa, ndipo chipolowe chinafalikira m'madera akumidzi a Natal.

Kusaka moŵa sikunaleke. Mu Januwale 1960 apolisi 9 amene anapita kukagwira ofulula ku Cato Manor anaphedwa ndi khamu la anthu. Pofika chapakati pa zaka za m'ma 1960 tinyumba tija tinali titagwetsedwa, ndipo eni ake atasamutsidwira ku KwaMashu ndi ku Umlazi.