Kasupe Alipo, Koma Adzalowa Dzina Ndani?

Basi inatitsitsa dzuwa litapendeka, m'kamudzi ka m'mapiri a ku Akita, kumpoto kwa Japan. Nthunzi inali kufuka m'ngalande za m'mbali mwa njira monga ndinaonera pa Chinyunyu popita ku Chipata, ndipo fungo longa la mazira oola linatilandira tisanaone khomo. Mnzanga wa kumeneko, amene anali kundimasulira, anati ndi fungo la sulufule wa m'madzi.

Akasupe otentha amawachula onsen, ndipo nyumba ya alendo ya cikale amaichula ryokan. Pakhomo tinavula nsapato. Amai acikulire, eni nyumbayo, anagwada natilonjera. M'cipinda munalibe bedi koma mphasa zolimba za tatami, kathebulo kafupi ndi tiyi wobiriwira. Anandipatsa mkanjo wa thonje wochedwa yukata. Pouvala ndinaika mbali ya kumanja pamwamba. Amaiwo anandikonza mwakacetecete, ndipo mnzanga anandinong'oneza kuti mavalidwe amenewo ndi a mtembo.

Kosambira, amuna kwao, akazi kwao. Umayamba wasamba ndi sopo utakhala pa kampando, kenaka n'kulowa m'dziwe wopanda covala ciliconse. Manyazi anandigwira, koma madoda atatu amene ndinawapeza m'madzimo sanandiyang'ane n'komwe. Ndili phee m'madzi ofika m'khosi, ndinayamba kudzifunsa kuti mwambo umenewu unacokera kuti.

Ndi wakale kwambiri. Buku la mbiri ya Japan lochedwa Nihon Shoki, limene linamalizidwa mu 720, limachula kale mafumu opita ku akasupe a Dogo pa cisumbu ca Shikoku. Ku Yamanashi kuli nyumba ya alendo ya Nishiyama Onsen Keiunkan, imene mbiri yake imayambira mu 705, ndipo mu 2011 a Guinness World Records anaivomereza kukhala hotela yakale kuposa onse pa dziko. Ina ndi Hoshi, ku Awazu m'cigawo ca Ishikawa, ya mu 718. Mbiri ya pakamwa imati wansembe wa Cibuda dzina lake Taicho anaonetsedwa kasupeyo kutulo, nasiya wophunzira wake kuti azisamalira odwala obwera kudzasamba.

Odwalawo ndiwo anali alendo oyamba. Kwa zaka mazana ambiri anthu sanali kupita ku onsen kukasangalala, koma kukacira. Ulendo wotero unali kuchedwa toji. Alimi akamaliza kukolola mpunga anali kunyamula zakudya ndi miphika, n'kukakhala ku kasupe sabata imodzi, ziwiri kapena zitatu, akudziphikira okha ndi kuviika misana yothyoka ndi nchito.

M'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, misewu inadzaza. Lamulo la mu 1635 linakakamiza mafumu a m'zigawo kumakhala caka cimodzi kwao, cina ku Edo, mzinda umene lero ndi Tokyo. Pa msewu wa Tokaido pokha panali malo opumulira 53. Mafumu anali kugona m'nyumba zochedwa honjin, anthu wamba m'nyumba za hatago, momwe anali kuwapatsanso cakudya. Munthu wamba sanali kuyenda mwaufulu, koma kupita kukapembedza kapena kukaciza matenda ku kasupe zinali zifukwa zovomerezeka zopezera cilolezo. Ryokan ya lero inabadwa pamene mitsinje iwiriyi inakumana: kusamalira wodwala ndi kucereza wapaulendo.

Pambuyo pa 1868 kunabwera njanji ndi madokotala a ku Ulaya. Erwin Bälz wa ku Germany, amene anafika mu 1876 kudzaphunzitsa udokotala ku Tokyo, anachukitsa akasupe a Kusatsu. Mu 1948 boma linaika lamulo lakuti madzi azichedwa onsen ngati atuluka pansi ali ndi kutentha kwa madigiri 25 kapena kuposa, kapena ngati ali ndi mcere wina wochulidwa m'lamulomo. Cuma citakwera nkhondo itatha, makampani anayamba kubweretsa anchito ao m'mabasi, ndipo mahotela akuluakulu a simenti anamera m'mbali mwa mitsinje. Cuma citagwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, ambiri anatsekedwa. Ku Kinugawa ena akali ciimire opanda munthu.

Nanga nyumba zakale zija zinapulumuka bwanji? Si mitengo yake imene ili ndi zaka 1,300, pakuti nyumba zimamangidwanso. Cakale ndi dzina ndi nchito. Ku Hoshi aliyense wolowa m'malo amatenga dzina lakuti Zengoro, ndipo dzinalo linafika m'badwo wa 46. Ife a kum'mawa sitidabwa nazo, pakuti Gawa Undi ndi dzina limene limapitirira ngakhale mwini wake agone. Mwana wamwamuna akasowa, mabanja a ku Japan anali kutenga mkamwini n'kumupatsa dzina la banja. Koma ngakhale nzeru imeneyi ili ndi polekezera. Ku Keiunkan, itapita mibadwo 52, mu 2017 panalibe wacibale wofuna kupitiriza, ndipo utsogoleri unapita kwa wanchito amene anatumikira pamenepo zaka zambiri.

Madzulo amai aja anabweretsa cakudya m'timbale tambirimbiri: nsomba ya mumtsinje yoocha, ndiwo za m'phiri, mpunga ndi msuzi. Ndinapempha mnzanga awafunse amene adzayang'anira nyumbayo iwo akatopa.

"Ana anga onse awiri ali ku Tokyo," anayankha akuthira tiyi. "Ali ndi nchito zao. Sindingawaitanire ku cipale cofewa ca kuno."

"Nanga kasupeyu, amai?"

Anaseka pang'ono. "Apongozi anga anamupeza akutuluka, inenso ndinamupeza akutuluka."

Atacotsa mbale anayala matiresi a futon pa mphasa. Usiku wonse ndinamva madzi akugwera m'dziwe kuseri kwa cipupa. M'mamawa tinapeza nsapato zathu zitatembenuzidwa kuyang'ana kunja, zokonzeka kuvala. Amaiwo anatiperekeza mpaka pa msewu, naima pomwepo ali ciweramire kufikira basi inakhota.