Ulendo wautali wa Amon Simutowe

Mwana wa ku Area 49 amene akuphunzira chesi ayenera kumva za Amon Simutowe wa ku Zambia. Mnyamatayu adakhala katswiri wa dziko lake mu 1996 ali ndi zaka 14 zokha. Koma ulemu wa Grandmaster sakadaupezera kwathu kuno ayi. Malamulo a bungwe la FIDE amafuna kuti munthu alimbane ndi amene adaulandira kale, pomwe kum'mwera kwa Sahara kudalibe ndi mmodzi yemwe. Choncho adayendayenda maiko a eni, mpaka adakapambana mpikisano wa ku Arnhem, ku Netherlands, mu 2007. Ngakhale pamenepo mapointi ake adali asanafike 2500. Ulemuwo adadzaulandira mu 2009, woyamba m'chigawo chonsechi.