Mabuleki a ngolo ya galimoto

Mabuleki a ngolo ndi mabuleki oikidwa ku matayala a ngolo yokokedwa ndi galimoto. Ngolo yolemera ikakhala yopanda mabuleki akeake, imakankha galimoto potsetsereka, ndipo dalaivala angalephere kuima.

Mabuleki a mpweya

Mathiraki odutsa pa Chifunga m'boma la Neno, pamsewu wa M6 wochokera ku Zalewa kupita kuchipata cha Mwanza, amagwiritsa ntchito mabuleki a mpweya. Njirayi inayambira pa sitima zapamtunda, ndipo George Westinghouse wa ku America analembetsa luso lake m'chaka cha 1869. Mapaipi awiri amalumikiza mutu wa thiraki ndi ngolo. Paipi yodzazira mpweya ikaduka, mabuleki a ngolo amagwira okha.

Mabuleki a magetsi

Ngolo zina zing'onozing'ono zimakhala ndi mabuleki a magetsi. Kabokosi koikidwa pafupi ndi dalaivala kamatumiza magetsi ku maginito a m'matayala a ngolo iye akaponda buleki. Timabokosi totchipa timawonjezera mphamvu pang'onopang'ono potsata nthawi. Todula timayeza mmene galimoto ikuchepetsera liwiro n'kupereka mphamvu yolingana nayo, choncho ndi toyenera katundu wolemera.

Kalumikizidwe

Nthawi zambiri kabokosika kamakhala ndi mawaya anayi: wa ku batire, wobwerera ku batire, wa ku switchi ya nyali za buleki ndi wopita ku ngolo. Mphamvu yake imasinthidwa molingana ndi katundu. Ikachuluka matayala a ngolo amakwekwereka, ikachepa ngolo imakankhabe galimoto.